Mendulo ya Chijeremani ya chisoti chachifumu ndi zilembo za XII: inachokera kuti, nanga inkaperekedwa kwa yani?

Mdzukulu wa ku Chibanja analemba kuti:

Ndikupereka moni kwa nonse amene mumatsatira nkhani za mbiri yakale. Ndili ndi funso lokhudza mendulo imene banja lathu lakhala likusunga m'bokosi la malemu agogo anga aamuna, omwe kwawo kunali ku Karonga koma anamwalirira kuno ku Mzuzu. Menduloyi ndi yozungulira, yopangidwa ndi chitsulo chachikasu chooneka ngati mkuwa, ndipo nditaiyeza ndi rula ndinapeza kuti m'mimba mwake ndi mamilimita pafupifupi 30. Pamwamba pake pali kamphete kopachikira, koma kansalu kake kanatayika kalekale. Mbali imodzi ili ndi chisoti chachifumu pakati, ndipo mozungulira chisoticho muli mawu akuti "Treue Dienste bei der Fahne". Mbali inayo ilibe chithunzi chilichonse kupatula zilembo zitatu zikuluzikulu, XII. Palibe dzina la munthu, palibe chaka, ndipo m'mphepete mwake ndi mosalala.

Nkhani imene imakambidwa kwathu ndi yakuti bambo awo a agogo anaitola ku Karonga itatha nkhondo ya mu 1914, ndiponso kuti inali mendulo ya mkulu wina wa asilikali a Chijeremani amene anailandira chifukwa cha kulimba mtima kwake. Ine ndikufuna kudziwa kuti ndi mfumu iti imene inkapereka mendulo yotereyi, inkapereka kwa anthu otani ndiponso pa chifukwa chanji. Ndikufunanso kumva ngati nkhani ya kwathuyi ingakhale yoona, komanso ngati pali njira yopezera dzina la mwini wake. Aliyense amene akudziwapo kanthu andithandize.

Wosunga ndalama zakale wa ku Luwinga anayankha kuti:

Zikomo mayi chifukwa chofotokoza bwino lomwe maonekedwe a chinthucho, pakuti ambiri amangonena kuti ali ndi mendulo ya Ajeremani pamene chimene ali nacho ndi ndalama yoboola. Kumpoto kuno ndalama za ku Deutsch-Ostafrika, lomwe mbali yake yaikulu lero ndi Tanzania, zimapezeka m'makomo ambiri, makamaka ku Karonga ndi ku Chitipa, chifukwa malonda ankadutsa mtsinje wa Songwe tsiku ndi tsiku. Kuyambira mu 1904 ndalama yawo ya rupie inkagawidwa m'maheller 100. Rupie inali yasiliva ndipo inali ndi mutu wa Wilhelm II, mfumu yaikulu ya Germany, atavala chisoti chankhondo chokhala ndi chiwombankhanga pamwamba, pamene heller imodzi inali yamkuwa yokhala ndi chisoti chachifumu, dzina la dzikolo ndi chaka. Mu 1916, nkhondo itawatsekera njira ya kwawo, anasula ndalama zawo ku Tabora, ndipo ina mwa izo, ya maheller 20, ndi yachikasu, ili ndi chisoti chachifumu, ndipo kukula kwake sikusiyana kwenikweni ndi kumene mwatchulako. Anthu ankaiboola kapena kuiwotcherera kamphete n'kumaivala m'khosi.

Komabe chanucho si ndalama ayi. Ndalama iliyonse ya kumeneko imakhala ndi chaka, pamene inu mwanena kuti mulibe chaka, ndipo mawu amene mwawerengawo sapezeka pa ndalama ina iliyonse ya Ajeremani. Za mendulo zenizeni ndikusiyira aphunzitsi a ku Katoto, omwe anaziwerenga mozama kuposa ine.

Mphunzitsi wopuma wa ku Katoto anayankha kuti:

Mayi a ku Chibanja, chimene muli nachocho Ajeremani ankachitcha Dienstauszeichnung, kutanthauza mendulo ya zaka za utumiki, ndipo chanucho ndi cha gulu lachiwiri, cha ufumu wa Prussia, cha kapangidwe kamene kanayamba mu 1913. Mawu a kutsogoloko akunena za kutumikira mokhulupirika pansi pa mbendera, ndipo XII wa kumbuyoyo ndi zaka 12 zimene msilikali anayenera kukwanitsa ali pa ntchito popanda mlandu waukulu kuti ailandire. Mwa ichi mukuona kale kuti mbali imodzi ya nkhani ya kwanu siyingaime, chifukwa iyi sinali mendulo ya kulimba mtima pa nkhondo. Munthu ankatha kuilandira asanawomberepo mdani ngakhale kamodzi, malinga ngati anapirira zaka zonsezo akudzuka m'mamawa, akuphunzitsa anyamata atsopano kuguba ndi kusamala mfuti, ndipo dzina lake silinalowe m'buku la zilango zazikulu.

Kuti timvetse chifukwa chake ndikuti ndi ya Prussia osati ya Germany yense, tiyenera kukumbukira mmene dzikolo linalili. Pamene Germany anagwirizana kukhala dziko limodzi mu 1871, maufumu akale sanathe. Munatsala maufumu anayi, omwe ndi Prussia, Bavaria, Saxony ndi Württemberg, pamodzi ndi timayiko tina tambiri tokhala ndi olamulira ake. Mfumu ya Prussia ndi imene inkakhalanso Kaiser, kutanthauza mfumu yaikulu ya onse, koma mafumu enawo anasunga mipando yawo, nyumba zawo zachifumu ndi ufulu wawo wopereka ulemu kwa anthu awo, monga mmene ku Mzimba kulili Inkosi ya Makhosi M'mbelwa pamwamba koma makhosi enawo aliyense ali ndi bwalo lake ndi anthu ake. N'chifukwa chake mendulo zambiri za nthawi imeneyo si za dziko lonse, koma za mfumu yakutiyakuti. Ngakhale mtanda wotchuka uja wa Eisernes Kreuz, umene anthu amaudziwa ngati chizindikiro cha Germany, unali wa Prussia, ndipo Wilhelm II ankaupereka monga mfumu ya Prussia. Zimene zinali za ufumu wonse zinali zowerengeka, monga mendulo ya nkhondo ya ku China ya mu 1901, ya ku Südwestafrika (lero Namibia) ya mu 1907 ndi ya maiko a atsamunda ya mu 1912.

Chiyambi cha mendulo yanuyo chili kutali ndi 1913. Amene anakhazikitsa ulemu umenewu ndi Friedrich Wilhelm III, yemwe analamulira Prussia kuyambira mu 1797 mpaka mu 1840, ndipo anaukhazikitsa pa 18 June 1825, tsiku limene zinakwana zaka khumi chigonjetsereni Napoleon ku Waterloo. Mfumu yomweyi ndi imene inayambitsa Eisernes Kreuz mu 1813, pamene Prussia inadzuka kulimbana ndi Napoleon itachititsidwa manyazi ku Jena mu 1806. Koma nkhondozo zitatha kunabwera mtendere wa zaka zambiri, ndipo munakula m'badwo wa asilikali amene analibe mwayi wosonyeza chamuna chawo pa bwalo la nkhondo, pamene akuluakulu awo ankayenda ndi mitanda pachifuwa. Ufumu umene unkadalira kwambiri asilikali monga Prussia sukanalola kuti anthu amene ankaugwirira ntchito moyo wawo wonse azioneka opanda kanthu, ndiye mfumu inapeza njira yowerengera zaka m'malo mowerengera nkhondo.

Chimene chinaperekedwa mu 1825 sichinali mendulo yozungulira ngati yanuyo. Asilikali wamba ndi masajeni ankalandira kachitsulo kamakona anayi, kotalika chopingasa, kokhomedwa pa kansalu ka buluu, ndipo pa kachitsuloko panali zilembo za dzina la mfumu, F.W. III. Wa zaka 9 ankalandira kachitsulo kakuda, wa zaka 15 kasiliva, ndipo wa zaka 21 kachikasu. Maofesala okha ndi amene anapatsidwa mtanda weniweni wopachika, wokutidwa ndi golide, atakwanitsa zaka 25, ndipo kumbuyo kwake kunkalembedwa XXV. Kusiyanitsa kumeneku sikunali kwangozi, chifukwa m'gulu lankhondo la Prussia maofesala ambiri ankachokera m'mabanja a eni malo ndi olemekezeka, pamene sajeni anali mwana wa mlimi kapena wa mmisiri, ndipo mfumu inafuna kuti ngakhale woona patali adziwe amene ali wapamwamba. Chodabwitsa n'chakuti kachitsulo kameneka kanakhalabe ndi zilembo za Friedrich Wilhelm III kwa zaka 88, ngakhale kuti pampando panadutsa Friedrich Wilhelm IV, Wilhelm I, Friedrich III yemwe analamulira masiku 99 okha mu 1888, kenako Wilhelm II.

Kusintha kunabwera mu 1913, chaka chimene Wilhelm II anakwanitsa zaka 25 ali pampando, chomwenso chinali cha 100 chiyambire nkhondo yodzimasula kwa Napoleon. Kachitsulo kamakona kaja kanathetsedwa, ndipo m'malo mwake munabwera zinthu zopachika zimene sajeni akanatha kuika pa mzere umodzi ndi mendulo zake zina. Zaka za magulu awiri apamwamba nazonso zinatsitsidwa. Gulu loyamba linakhala mtanda wamkuwa wa zaka 15, lachiwiri mendulo yachikasu ya zaka 12, yomwe ndi yanuyo, ndipo lachitatu mendulo yoyera ya zaka 9, yopangidwa ndi chitsulo chooneka ngati siliva koma chosakhala siliva.

Nambala ya 12 ili ndi tanthauzo lalikulu pa moyo wa msilikali wa nthawi imeneyo. Mnyamata aliyense wa ku Germany ankakakamizidwa kulowa usilikali, ndipo kuyambira mu 1893 oyenda pansi ankatumikira zaka ziwiri pamene okwera pa akavalo ankatumikira zitatu, kenako n'kubwerera kwawo. Amene anafika zaka 12 anali munthu amene anasankha yekha kutsalira, nakwera kukhala sajeni, ndipo chimene chinkamukoka kwambiri chinali chikalata chotchedwa Zivilversorgungsschein, chimene ankachilandira akakwanitsa zaka zimenezi. Chikalatachi chinkamupatsa mwayi woyamba pa ntchito za boma, monga ku positi, ku njanji, ku polisi kapena ku ndende. Mwa maganizo anga, mendulo ya XII ndi imene inali yokoma kuilandira kuposa zinzake ziwirizo, chifukwa inkafika pamodzi ndi chitsimikizo chakuti mwana wa mlimi uja sadzabwereranso ku khasu.

Msilikali wopuma pantchito wa ku Chiputula anayankha kuti:

Aphunzitsi afotokoza bwino za ku Ulaya, ndipo ine ndingowonjezera za mbali ya kuno, popeza funso la mayiwa lagona pa Karonga. Pamene nkhondo inkayamba mu August 1914, gulu lankhondo la Ajeremani ku Deutsch-Ostafrika, lotchedwa Schutztruppe, linali ndi azungu pafupifupi 260 ndi asilikali achikuda, omwe ankawatcha askari, pafupifupi 2,500, pansi pa Paul von Lettow-Vorbeck. Ambiri mwa azunguwo anali maofesala ndi masajeni amene anachotsedwa m'magulu awo a ku Germany n'kutumizidwa kuno atatumikira kale zaka zingapo. Choncho munthu woyenera kukhala ndi mendulo ya zaka 12 analipo ndithu tsidya la Songwe, koma anali sajeni, osati mkulu wa asilikali monga mmene nkhani ya kwanu ikunenera, mayi. Askari nayenso sakanakhala mwini wake, chifukwa iwo anali ndi yawoyawo, yotchedwa Kriegerverdienstmedaille, imene inayamba kuperekedwa kwa asilikali achikuda mu 1892, yokhala ndi mawu akuti "Krieger Verdienst" kumbuyo ndi kansalu kakuda ka mizere yoyera. Imeneyo ndiyo inali ya kulimba mtima ndi ntchito yooneka, ndipo ikanakhala kuti ndi imene ili m'bokosi mwanu, nkhani ikanakhala ina.

Za nkhondo yeniyeniyo, zimene zimadziwika ndi izi. Pa 13 August 1914 sitima ya Angerezi ya Guendolen, motsogozedwa ndi Captain Rhoades, inawononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ku Sphinxhaven, kumene lero ndi ku Liuli, ndipo kuyambira pamenepo nyanja inali m'manja mwa Angerezi. Zimenezi zinalola kuti asilikali a King's African Rifles (KAR) ochokera ku Zomba akwezedwe pa sitima mpaka ku Karonga. Ajeremani anatsika kuchokera ku Neu Langenburg, komwe tsopano ndi ku Tukuyu, nawoloka Songwe, ndipo magulu awiriwa anaphonyana usiku, Captain Barton akupita kumpoto ndi gulu lalikulu pamene Ajeremani akulunjika ku boma la Karonga kumene kunatsala anthu ochepa. Pa 9 September anaukira bomalo, Barton atamva kulira kwa mizinga anabwerera, ndipo tsiku lomwelo kunamenyedwanso nkhondo yoopsa ku Kasoa, kumene Ajeremani anataya anthu ambiri ndi mizinga iwiri. Imfa za asilikali achikuda pa tsiku limeneli ndi zimene zinachititsa John Chilembwe kulemba kalata yake ija yofunsa chifukwa chimene anthu osauka a kuno ankafera nkhondo ya eni ake.

Tsono monga munthu amene anavalapo yunifolomu, pali chinthu chimodzi chimene chikundikayikitsa. Msilikali sapita kukamenya nkhondo atapachika mendulo. Mendulo ndi ya pa perete, ya tsiku lobadwa mfumu, ya pojambulitsa chithunzi chotumiza kwa makolo, ndipo masiku ena onse imakhala m'bokosi pamodzi ndi zikalata. Munthu wodutsa m'matope a m'mbali mwa Songwe usiku sangatenge chitsulo chonyezimira ndi cholira pachifuwa. Ngati mendulo yanuyo inachokeradi m'manja mwa sajeni wa Schutztruppe, ine ndikuganiza kuti inatengedwa m'katundu wosiyidwa osati pa mtembo, ndipo nthawi yoyenera kwambiri ndi May 1916, pamene gulu la General Northey linanyamuka ku malire a kumpoto kuno n'kulanda Neu Langenburg Ajeremani atathawa mofulumira. Gulu limenelo linkayenda ndi amtengatenga zikwizikwi ochokera m'midzi yathu, ndipo munthu wonyamula katundu ndi amene amaona mabokosi otsegulidwa.

Pa za dzina, apa ndi pamene Angerezi ndi Ajeremani ankasiyana kwambiri. Mendulo za Angerezi za nkhondo imeneyi zimakhala ndi nambala ya msilikali, dzina lake ndi gulu lake zitadindidwa m'mphepete kapena kumbuyo, moti amene ali ndi mendulo ya agogo awo a KAR angathe kuwafufuza mosavuta. Ajeremani sankadinda dzina pa chitsulo. Umboni wonse unali pa chikalata chimene chinkaperekedwa pamodzi ndi menduloyo, ndipo zikangosiyana ziwirizi, chitsulocho chimasanduka cha aliyense.

Mdzukulu wa ku Chibanja analembanso kuti:

Ndikuthokoza kwambiri aphunzitsi, komanso inu abambo a ku Chiputula ndi a ku Luwinga. Ndawerengera mayi anga mayankho anuwa, ndipo iwo awonjezera zinthu ziwiri. Choyamba, akuti agogo awo sanali msilikali koma anagwidwa kukanyamula katundu pa nkhondoyo, ndipo ankakamba za ulendo wokwera mapiri a kuzizira kwambiri kupitirira Songwe, zomwe zikugwirizana ndi zimene abambo a ku Chiputula anenazi. Chachiwiri, akuti malemu agogo anga, mwini bokosilo, anakagwirapo ntchito ku migodi ya golide ya ku Lupa ali mnyamata, kenako anakhala ku Mbeya akugwira ntchito pa munda wa mzungu wina asanabwerere kumudzi. Kodi zimenezi zikusintha kanthu? Ndikufunanso kudziwa, aphunzitsi, kuti mwadziwa bwanji kuti ndi ya Prussia osati ya maufumu ena aja, popeza dzina la Prussia silinalembedwepo paliponse, ndiponso kuti kansalu kake kanali kotani, chifukwa ndikulakalaka kukabwezeretsa.

Mphunzitsi wopuma wa ku Katoto anayankhanso kuti:

Zikusintha ndithu, mayi, ndipo kunena zoona njira ya ku Mbeya ikundikhutiritsa kuposa ya nkhondo. Taganizirani za nthawi. Mendulo yozungulirayi inayamba pakati pa chaka cha 1913, ndipo nkhondo inabuka mu August 1914, kenako sitima zankhondo za Angerezi zinatseka gombe lonse la Deutsch-Ostafrika. Sitima ziwiri zokha zonyamula katundu ndi zimene zinakwanitsa kuzemba, ina mu 1915 ndi ina yotchedwa Marie mu 1916, ndipo malo ake ambiri anali a zipolopolo, mfuti ndi mankhwala. Zikutanthauza kuti panali chaka chimodzi chokha choti mendulo yatsopanoyi ipangidwe, ivomerezedwe kwa sajeni wina, ikwere sitima mpaka ku Dar es Salaam, kenako iyende ulendo wautali wa pamtunda kukafika ku mapiri a kumpoto kwa nyanja. N'zotheka, koma mpata wake ndi wochepa. Pamene nkhondo itatha, Ajeremani anathamangitsidwa ku Tanganyika, koma kuyambira mu 1925 analoledwa kubwerera, ndipo ambiri anakakhazikika ku mapiri a kumwera, akulima tiyi cha ku Tukuyu ndi khofi cha ku Mbozi, ena akukumba golide ku Lupa komweko m'zaka za m'ma 1930. Ambiri mwa amuna amenewa anali asilikali akale a nkhondo ya ku Ulaya, ndipo popeza zaka za nkhondo zinkawerengedwa kawiri, anthu ochuluka zedi anafika pa 9 ndi pa 12 mofulumira. Mu 1939 nkhondo yachiwiri itayamba, Angerezi anawagwira n'kuwatsekera, ndipo katundu wawo wa m'nyumba anamwazika m'manja mwa antchito ndi ogula. Mnyamata wa ku Karonga wogwira ntchito pa munda wa Mjeremani ku Mbeya anali pamalo abwino kwambiri opezera chinthu chotere, kaya mwa mphatso kaya mwa kugula. Sindikutsutsa mawu a makolo anu, chifukwa n'kutheka kuti nkhani ziwiri zoona, ya bambo wonyamula katundu ndi ya mwana wa ku migodi, zinalumikizana pa chinthu chimodzi pamene zinkadutsa m'kamwa mwa mibadwo itatu.

Funso lanu la Prussia ndi labwino, ndipo yankho lili pa chisoticho. Chisoti cha Kaiser wa ufumu wonse, chimene chili pa ndalama za heller zimene anatchula abambo a ku Luwinga, chimaoneka cham'mbalimbali ngati bokosi, chili ndi mitanda ndi ziwombankhanga m'mbali mwake, ndipo kawirikawiri chimajambulidwa ndi timalamba tiwiri tolendewera. Chisoti chimenecho sichinasulidwe n'komwe ndi golide, chinangokhala cha pa zithunzi ndi cha chitsanzo chamtengo. Cha pa mendulo yanu ndi china, chozungulira, chokhala ndi mauta okwera kuchokera m'mphepete n'kukumana pamwamba pamene pali kampira ndi mtanda. Chimenechi ndi chisoti cha mfumu ya Prussia, ndipo chenicheni chake, chimene chinapangidwira Wilhelm II atangolowa ufumu, chikusungidwa ku nyumba yachifumu ya Hohenzollern. Maufumu enawo atasintha mendulo zawo nthawi yomweyo anaikapo zizindikiro zawo, monga Bavaria imene inaika chishango chake cha timabokosi topendekera, ndipo aliyense anali ndi kansalu ka mtundu wakewake. Prussia inaona kuti chisoti chopanda dzina chikukwanira, ndipo ine ndimaona kudzikweza kwina m'kufatsa kumeneku, chifukwa ufumu umene unali ndi magawo awiri mwa atatu a dziko lonse unkayembekeza kuti aliyense adzauzindikira popanda kuuzidwa.

Ngakhale zili choncho, ndimaikonda menduloyi kuposa zinzake za m'nthawi ya Wilhelm II, yemwe ankakonda zinthu zodzaza ndi zokongoletsa. Yerekezani ndi imene anatulutsa mu 1897 pokumbukira zaka 100 chibadwire agogo ake Wilhelm I, yomwe ndi yaikulu mamilimita 40, yosulidwa ndi mkuwa wa mizinga yolandidwa pa nkhondo, kutsogolo kuli mutu wa mfumu yovala chisoti cha nsonga, kumbuyo kuli chisoti chachifumu, lupanga, ndodo yachifumu, masamba ndi mawu ambirimbiri, ndipo kansalu kake n'kachikasu chowala moti asilikali eni ake ankaiseka poitchula dzina la chipatso. Yanuyo ilibe nkhope ya munthu, ndipo ikunena zinthu ziwiri zokha, amene watumikiridwa ndi zaka zimene watumikiridwa.

Kansalu kake kanali ka buluu wowala, mtundu umodzi wokha popanda mizere, wofanana ndi duwa la kornblume limene limamera m'minda ya tirigu ku Ulaya, lomwe anthu a ku Prussia ankaligwirizanitsa ndi Mfumukazi Luise ndi mwana wake Wilhelm I. Riboni ya buluu ya m'sitolo za nsalu mumsika waukulu ingakwanire kupachikira, bola muziuza oona kuti ndi yatsopano. Za dzina la mwini wake musadzivutitse, chifukwa kuwonjezera pa zimene anena abambo a ku Chiputula, nyumba yosungiramo zikalata za asilikali a Prussia ku Potsdam inapsa ndi mabomba mu April 1945, ndipo mabuku ambiri a masajeni ndi asilikali wamba anathera momwemo. Zikalata za Bavaria ku Munich ndi za Württemberg ku Stuttgart zinapulumuka, koma za ufumu umene unapereka mendulo yanuyo ndi zimene zinawonongeka kwambiri.

Wosunga ndalama zakale wa ku Luwinga anayankhanso kuti:

Mayi, musaikwechese ndi mchenga, phulusa kapena mankhwala otsukira mkuwa, chifukwa kudera kumene kwabwera ndi zaka ndi kumene kumasonyeza kuti chinthucho n'chakale, ndipo kukachoka sikubwereranso. Ipukuteni ndi kansalu kouma basi, ndipo muisunge pamalo opanda chinyezi, zomwe kuno ku Mzuzu m'miyezi ya chiperoni zimafuna kabotolo kotseka bwino. Pa za mtengo musayembekezere zambiri, popeza mendulo zimenezi zinapangidwa zochuluka kwambiri ndi amisiri osiyanasiyana, ndipo ku Ulaya si zosowa. Ngati mukufuna kuti wina aione ndi maso, mungapite nayo ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya kuno ku Mzuzu kapena ya ku Karonga.

Pali kuyesa kumodzi kosavuta kumene kungathandize pa kusiyana maganizo kwa aphunzitsi ndi abambo a ku Chiputula. Nkhondo itafika pakati, mkuwa unasowa kwambiri ku Germany chifukwa unkapita ku zipolopolo ndipo njira za panyanja zinali zotsekedwa, moti ndalama ndi mendulo zambiri zinayamba kupangidwa ndi chitsulo wamba kapena zinki, n'kungozipaka mtundu pamwamba. Tengani maginito, ngakhale a mu sipika ya wailesi yakufa, muwayandikize pa menduloyo. Ikakakamira, ndiye kuti ndi ya chitsulo cha m'kati mwa nkhondo, ndipo sikanatheka kukhala ku Karonga mu September 1914, zomwe zingalimbikitse njira ya ku Mbeya. Ikapanda kukakamira, yang'anani ndi galasi lokulitsa pamalo pamene yaperepeseka, makamaka pa nsonga za chisoti ndi pa kamphete, muone ngati pansi pake pakutuluka mtundu wotuwa, umene ungasonyeze zinki. Ngati ndi yachikasu mpaka m'kati, ndiye kuti ndi mkuwa weniweni, ndipo njira zonse ziwiri zikhalabe zotseguka, chifukwa za mkuwa zinapangidwa nkhondo isanayambe komanso itatha. Mukayesa mutiuze zimene mwapeza, ndipo ngati mungathe muipimitsenso kulemera kwake pa sikelo ya magalamu.